Fani ya M'galimoto ya a Magombo

A Dunstan Magombo anayendetsa mathiraki kwa zaka makumi atatu ndi ziwiri, kuchoka pa boda ya Mwanza kupita ku Tete, ku Beira, nthawi zina mpaka ku Harare. Pa boma anthu ankawadziwa ndi mawu. Akaseka ali kumsika, wokhala ku depoti ankadziwa kuti a Magombo afika. Koma m'mwezi wa Malichi, patangotha chaka chimodzi chipumireni pantchito, anagwa pakhonde akumanga zingwe za nsapato. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Anabwerako dzanja lamanja lili lende, mwendo akuchita kuukoka, pakamwa patakhota pang'ono.

Mawu sanathe onse ayi, koma ankatuluka limodzilimodzi, mochita kukakamiza. Chimene chinkawapweteka kwambiri ndi anthu achifundo amene ankawamalizira mawu asanamalize okha. Wina akatero, iwo ankangotseka pakamwa n'kuyang'ana kumbali. Pofika mu Juni anali atasiyiratu kuyankhula. Ankakhala pampando wansungwi pakhonde, bulangete m'miyendo, akafuna kanthu n'kuloza ndi chala. Alendo anayamba kuchepa.

Mwana wawo wamkazi, Deliwe, ankagwira ntchito mu ofesi ina yokiliyala katundu pa boda pomwepo. Matenda atagwa, anasiya nyumba imene ankachita lendi n'kubwerera pakhomo pa makolo ake. Pakapita masabata awiri aliwonse, tsiku Lachinayi, ankapempha tchuthi n'kupita nawo bambo akewo ku Blantyre kukapanga mafizo olimbitsa dzanja ndi mwendo. Ankayenda pa kagalimoto koyera kamene a Magombo anagula atapuma ntchito. Mayi ake, a Sellina, ankakhala kumbuyo atafungata basiketi ya fulasiki ndi mbatata yophika.

Kagalimotoko kanalibe vuto lina, koma fani yake, ija imapemerera mphepo yofunda kapena yozizira m'kati, inayamba kulira ngati nkhululu, kenako tsiku lina inangoti zii. Ikanakhala nthawi yotentha akanangotsegula mawindo. Koma iyi inali Juni, chiperoni chitakuta mapiri, ndipo iwo ankanyamuka kusanache bwino. Akatseka mawindo, mpweya wa anthu atatu unkachita nthunzi pagalasi lakutsogolo. Akatsegula, mwendo wodwala wa a Magombo unkazizidwa mpaka kuuma gwa, moti pofika ku Blantyre unkakana kupindika. Deliwe ankangoyendetsa ndi dzanja limodzi, linalo akupukuta galasi ndi kansalu.

Lachinayi lina, atangotuluka pa boma pang'ono, pamalo pamene msewu umatsetsereka n'kukhota, a Magombo anakuwa mwadzidzidzi.

“Njinga!”

Deliwe anaponda buleki n'kukhotetsa chiwongolero. Bambo wina amene ankakankha njinga ya matumba atatu a makala anadumphira m'udzu. Sanavulale. Deliwe anatsika, n'kumuthandiza kudzutsa njingayo, akupepesa kambirimbiri. Anabwerera pampando wake n'kupotokola makiyi. Bambo ake anali atabwerera kale ku chete wawo uja, maso ali pagalasi lodzaza nthunzi.

Mawa lake anapita ndi galimotoyo kwa makaniko wina wa pa boma. Madzulo, akusenda mtedza pakhonde ndi mayi ake, anawafotokozera zimene anamva kumeneko.

“Akuti fani ija yapsa, ndiye kuti aifikire afunika achotse dashibodi yonse. Akuti tiisiye masiku anayi, mwina asanu.”

“Nanga iwe kuntchito uzipita bwanji?” anafunsa a Sellina.

“Pakabaza, nanga nditani.”

Mwadzidzidzi panamveka phaa! A Magombo anali atamenya mkono wa mpando ndi dzanja lamanzere. Amayi ndi mwana wawo anatembenuka.

“Bodza,” anatero a Magombo. Anakweza zala zitatu. Milomo inayenda kanthawi popanda kutuluka kanthu. A Sellina anatsegula pakamwa kuti awathandize, koma Deliwe anawagwira bondo, iwo n'kukhala chete.

“Ma... masikulu. Atatu. Pansi.”

“Mukuti fani imagwidwa ndi masikulu atatu okha, Ababa? Imatulukira pansi?”

Anagwedeza mutu mwamphamvu. Kenako analoza Deliwe, n'kuloza pabwalo pamene galimoto inaima.

“Ine?” anaseka Deliwe. “Ine sindinagwirepo sipanala chibadwire.”

Zinali zoona. Ali ana, a Magombo akabwera ku ulendo ankaitana mchimwene wa Deliwe, Sankhani, kuti adzaone mmene amasinthira mafuta ndi mabuleki. Deliwe akayandikira ankauzidwa kuti adetsa diresi. Sankhani tsopano anali ku Joni, akugwira ntchito yophika m'lesitilanti, ndipo za magalimoto sankazifuna n'komwe.

A Magombo sanatsitse chala chija. Deliwe anachiyang'ana kwa nthawi, kenako anatulutsa foni. Anaimbira a Zakeyu, bambo wogulitsa zipangizo za magalimoto zakale ku Ndirande, amene ankakonda kukiliyala katundu wawo mu ofesi yake. Anawatumizira chithunzi cha galimoto ndi nambala zake. Lachisanu la sabata yotsatira faniyo inafika pa minibasi, itakulungidwa m'nyuzipepala m'katoni ya sopo.

Loweruka kunacha kukuzizira koma kopanda mvula. Dzuwa litafika pabwalo, a Sellina anakoka bokosi lachitsulo pansi pa bedi, n'kulipukuta fumbi. Deliwe anaika mpando wansungwi pafupi ndi chitseko chakumanzere cha galimoto, n'kuwagwira bambo ake m'khwapa mpaka anakhala. Iye anali atavala buluku la jinzi ndi malaya akale a bambo akewo.

A Magombo anatsegula bokosilo okha. M'kati masipanala anali atandandalikidwa pansalu kuyambira yaing'ono mpaka yaikulu. Anatola imodzi osayang'ana nambala, n'kumupatsa.

“Teni. Batire.”

Deliwe anatsegula boneti. Anafuna kuyamba ndi waya wofiira, koma anamva “Mh-mh!” kumbuyo kwake. Anasamukira ku wakuda, ndipo kunali chete. Anazindikira kuti umu ndi mmene ntchito iyendere: akalakwa amva, akakhoza sauzidwa.

Kabokosi ka kutsogolo kwa mpando, kosungiramo mapepala, kanali kodzaza ndi malisiti a kuchipatala, makoko ouma a manachesi ndi buku la nyimbo la a Sellina. Atachotsa zonsezo, bambo ake anamusonyeza ndi dzanja kuti afinye mbali zonse ziwiri. Anafinya, ndipo kabokosiko kanagwera m'manja mwake mosavuta moti anadabwa. Pansi pake panali chivindikiro chapulasitiki chimene chinkangokokedwa. Anayala thumba la feteleza pansi, n'kugona chagada, mutu pamene munthu amaika mapazi, miyendo ili panja. Anayatsa tochi ya pafoni.

“Ndikuona chinthu chakuda chozungulira, ngati mphika wovundikira. Pali mawaya awiri akulowa m'mbali.”

“Eya.”

Anagwira mawayawo n'kuyamba kukoka.

“Ayi!”

Deliwe anasiya. Anadikira. Bambo ake ankafuna kunena kanthu, koma liwu lake linawathawa. Anayesa kawiri, katatu, pakhosi pakungomveka phokoso. Nkhope inachita thukuta ngakhale kunkazizira. Mapeto ake anamenya bondo lawo ndi chibakera n'kuyang'ana kumbali, monga ankachitira ndi alendo aja.

Deliwe anatuluka pansi paja n'kugwada pafupi ndi mpando. Anangotambasula dzanja lake lakuda ndi fumbi n'kuliika pabulangete.

“Ndisonyezeni apa, Ababa.”

A Magombo analiyang'ana dzanjalo. Kenako anagwira chala chake chachikulu, n'kudinikiza chikhadabo ndi chala chawo, n'kugwira chomwecho, kenako n'kukoka chala chonsecho pang'onopang'ono.

“Pali kodinikiza kaye, kenako ndikoke pulagi yonse osati mawaya?”

Anatulutsa mpweya wautali n'kugwedeza mutu. Sanachisiye msanga chalacho.

Pulagi inatuluka ndi kaphokoso kakang'ono, thapu. Masikulu awiri akutsogolo anamasuka bwinobwino, ndipo Deliwe ankawapereka kwa mayi ake amene ankawasunga m'kambale ka tiyi. Sikulu lachitatu linali kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi khoma la injini, pamene sikuludiraiva yaitali inkagunda pansi isanaime chilili. Anayesa chopendekera, inkangoterereka. Anadzikanda pachikhatho mpaka magazi. Khosi linayamba kuwawa.

“Silikutheka ili. Mwina makaniko uja amanena zoona.”

Anamva zitsulo zikulira m'bokosi. Kenako kanthu kozizira kanamukhudza pamwendo. Kanali kasikuludiraiva kafupi ngati chala, chogwirira chake chokulungidwa ndi labala wa chubu.

“Koma kameneka mukadali nako!” anatero a Sellina. “Deliwe, aka anakadula okha ku Beira ndi sowo, iwe uli kumsana. Anabwera nako akunyadira ngati agula wailesi.”

Kanalowa ndendende. Deliwe anapotokola ndi nsonga za zala, pang'onopang'ono, mpaka sikulu linagwera pachifuwa pake. Nthawi yomweyo fani yonse inatsika, ndipo pamodzi nayo panakhuthuka makoko a mtedza, udzu, timapepala, manyi a makoswe ndi tizidutswa ta nsalu yofiira, zonse kumaso kwake. Anatuluka chafutambuyo, akulavula ndi kutsokomola, makoko ali m'tsitsi.

A Sellina anatola kansalu kamodzi n'kukayang'anitsitsa. “Duku langa ili! Lija linasowa pa Isitala! Ine miyezi yonseyi ndakhala ndikuzinamizira mbuzi za aneba athu a Iness!”

Pamenepo panamveka phokoso limene pakhomopo anali ataliiwala. Linayamba ngati chifuwa, moti Deliwe anathamangira kuti awagwire. Koma a Magombo ankaseka. Kunali kuseka kokhota, kotulukira mbali imodzi ya kamwa, malovu akutsika pachibwano, mapewa akugwedezeka. A Sellina anawapukuta ndi nsonga ya chitenje, nawonso akuseka, kenako anatembenuka msanga n'kunena kuti akukaona madzi pamoto, chonsecho pamoto panalibe madzi.

A Magombo anaika mafani awiriwo pamiyendo pawo. Yakale inali yolimba, yonunkha chopsereza. Yatsopano anaizunguza ndi chala, n'kuiika kukhutu, n'kuizunguzanso. Anapapasa mapiko ake onse limodzilimodzi kufuna long'aluka. Anayerekeza mabowo a masikulu ndi polowera pulagi. Atakhutira anaipereka, koma anayamba aloza dzenje limene munatuluka fani ija.

“Sesa.”

Deliwe analowetsa mkono mpaka m'chigongono, n'kutulutsa zinyalala zodzaza manja anayi. Kenako anakweza fani yatsopano, n'kuigwira ndi chipumi pamene ankalowetsa sikulu loyamba. Anamanga onse atatu, analumikiza pulagi, anabwezera waya wa batire. Anakhala pampando wa dalaivala, anatembenuza makiyi, n'kupotokola kabatani ka fani.

Kunali zii.

Anapotokola mpaka kumapeto. Anabwerera. Anaika dzanja pa timawindo totulukira mphepo. Panalibe kanthu. Anatsamira chiwongolero ndi mphumi. Maola atatu anali atapita, msana unkawawa, chikhatho chinkanyerenyetsa, ndipo chimene chinkamuwawa koposa n'choti bambo ake abwereranso pakhonde paja atagonja.

“A Zakeyu atigulitsa yakufa,” anatero osadzutsa mutu.

“Deli.”

Anadzuka. Chiyambireni matenda, bambo ake anali asanamutchule dzina.

“Fyuzi.”

A Magombo anafotokoza ndi dzanja ndi mawu owerengeka: fani yakale itagwidwa ndi zinyalala, inakoka moto wambiri, fyuzi n'kudzipereka. Deliwe anapeza kabokosi ka mafyuzi, n'kutsatira chithunzi cha pachivindikiro chake mpaka anapeza ya fani. Ataiyang'anitsa kudzuwa, kawaya ka m'kati kanali kataduka.

“Madalaivala pa boda ndimawaona akungokulungapo kawaya. Ndipange choncho?”

Nkhope ya a Magombo inasintha. “Moto,” anatero, ndipo anabwerezanso. “Moto. Ayi.” Analoza chivindikiro chija kuti achitembenuze. Kuseri kwake kunali mafyuzi atatu osungira. Deliwe anasankha ya nambala yofanana ndi yakufayo, anawasonyeza, iwo n'kuvomera.

Ulendo uno atapotokola kabatani, fumbi linatuluka m'timawindo tonse nthawi imodzi, ndipo pambuyo pake panabwera mphepo yeniyeni. Deliwe anakuwa. A Sellina anatuluka m'khitchini akululutira. Koma a Magombo anakweza dzanja kuti onse akhale chete. Anapendeketsa mutu.

“Folo.”

Deliwe anaika pa nambala folo. Mphepo inawomba mwamphamvu.

“Imva.”

“Sindikumva kanthu ine, Ababa. Ikugwira bwinobwino.”

“Imva.”

Deliwe anatseka maso n'kumvetsera. Pansi pa mkokomo wa mphepo panali kaphokoso kena, tiki-tiki-tiki, kakang'ono ngati wotchi.

“Tsegula,” anatero a Magombo.

“Abambo ake Deliwe, mwanayu watopa,” anadandaula a Sellina. “Si ikuzungulira? Kaphokoso kameneko kapha ndani?”

Koma Deliwe anali atatenga kale sipanala ya teni. Anachotsa waya wakuda, anagona pathumba paja, anadinikiza pulagi n'kuikoka, anamasula masikulu awiri, n'kutambasula dzanja osayang'ana. Kasikuludiraiva kafupi kanafika m'dzanjamo. M'mapiko a fani munali khoko limodzi la mtedza limene linagwa kuchokera m'mwamba. Analichotsa, anapapasanso m'dzenje monse, n'kubwezera zonse m'malo mwake. Sipanathe mphindi makumi awiri, ndipo nthawi yonseyo sanamve “Mh-mh” ngakhale kamodzi.

Tsopano mphepo inkatuluka yosalala. Analiza injini kuti itenthe, n'kuwathandiza bambo ake kulowa pampando wakutsogolo. Anatembenuzira mphepo kumapazi n'kuika pofiira. A Sellina anagwada pachitseko, anawavula masilipasi ndi masokosi, n'kuika phazi lodwala lija pafupi ndi potulukira mphepo. Kenako analowa kumbuyo n'kutseka chitseko. Anthu atatu anakhala m'galimoto yoima pabwalo la nyumba yawo, nkhuku zikutola makoko a mtedza panja.

Patapita nthawi a Magombo anayang'ana phazi lawo. Chala chachikulu chinagwedezeka pang'ono.

“Ndikumva,” anatero. “Kufunda.”

A Sellina anaika dzanja paphewa pawo kuchokera kumbuyo.

A Magombo anatembenukira kwa mwana wawo. Zimene ankafuna kunena zinali zazitali, ndipo zinawatengera nthawi. Deliwe anadikira, maso ali pachiwongolero.

“Dzanja... lako. Labwino.” Anameza malovu. “Kale... ndinakuthamangitsa. Diresi.” Anapukusa mutu. “Ndinalakwa.”

Deliwe anafuna kuseka kuti nkhaniyo ipepuke, koma analephera. Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja, n'kusiya mzere wakuda pamphuno.

“Bokosi lija muli zitsulo zambiri, Ababa. Ine ndadziwapo ziwiri zokha. Zotsalazo mundiuza.”

Atatuluka, a Magombo anakana kubwerera pakhonde. Analoza beseni, sopo waufa ndi shuga. A Sellina anadandaula za shuga wawo koma anabweretsa supuni imodzi. A Magombo anathira sopo ndi shugayo m'manja mwa Deliwe, n'kumuuza atikite mpaka mafuta akuda achoke m'mizere ya zala. Kenako ananyamula jagi ndi dzanja lamanzere n'kumuthirira madzi ofunda. Madzi ena ankatayikira pa mapazi ake, koma Deliwe sanasunthe mpaka jagi inatha.

Lachinayi lotsatira chiperoni chinabweranso, ndi kamvula kowaza. Galasi linayera pasanathe mphindi ziwiri, ndipo Deliwe anagwira chiwongolero ndi manja onse awiri. Atadutsa nyumba zomaliza za pa boma anaona mayi wina ataima m'mbali mwa msewu, mwana kumsana, atafunda chitenje chonyowa kumutu. Minibasi zinali zisanayambe kuyenda. A Magombo anagogoda dashibodi, ndipo Deliwe anaima.

Mayiyo anati dzina lake ndi Sarah, wachokera kwa Kanduku wapansi, ndipo akupita ndi mwanayo ku Blantyre kumene anamutumiza achipatala kuti akamuone maso. A Sellina anasuntha basiketi, anamuthandiza kumasula mwanayo n'kumufungata. Timapazi take tinali tozizira ngati mwala wa kumtsinje.

A Magombo anayang'ana kumbuyo, kenako anayang'ana mabatani. Anali kudzanja lawo lamanja. Anagwira dzanja lodwalalo ndi lamanzere, analinyamula, n'kuliika pa kabatani ka fani. Zala zinaterereka koyamba. Kachiwiri anazipanikiza ndi dzanja linalo, ndipo kabatani kanasuntha kuchoka pa wanu kufika pa thu, kenako pa fili. Mphepo yofunda inadzaza m'galimoto.

“Zikomo, agogo,” anatero mayiyo. “Koma galimoto yanuyi ndi yofunda bwino.”

“Wakonza... mwana wanga,” anatero a Magombo. “Uyu.”

Mayiyo anasuzumira kuti amuone bwino Deliwe. “Ndinu amakaniko, achemwali?”

“Ndangoyamba kumene,” anatero Deliwe, akubwezera galimoto mumsewu. “Mwana ali ndi miyezi ingati?”